Ndani Anatsitsa Mpando wa Piyano Yanga?

1

Akazi ena amadziwa kuti m'banja mwalowa wakuba akamva fungo lachilendo pa malaya a amuna awo. Ena amapeza tsitsi la eni pa pilo. Ine ndinadziwira pa mpando.

Dzina langa ndi Leopoldine, koma anthu amangoti Poldi. Ndinabadwira muno mu Vienna, ndipo chikhalire changa ntchito imene ndimaidziwa ndi piyano basi. Funsani aliyense woimba piyano, akuuzani kuti mpando wake sugwidwa ndi munthu wina. Uli ndi zopotokola m'mbali zoukwezera ndi kuutsitsira, ndipo ukapeza msinkhu wokuyenera, msana wako umauloweza. Ine ndimakhala pamwamba kwambiri, monga anandiphunzitsira bambo anga. Tsono Lachisanu lina m'mawa, nditati ndikhale kuti ndiyambe kuyeserera, ndinangomva ngati ndaponda sitepe pomwe palibe. Mpando unali utatsitsidwa.

Amuna anga, a Alois, ntchito yawo ndi yotchuna mapiyano, kumanga mawaya a m'kati kuti alire bwino. Ndinawapeza kukhitchini akupaka batala pa buledi, ndipo nditawafunsa anati anautsitsa ndi iwowo dzulo lake pokonza chopondera cha piyano chimene chinkalira. Yankholo linalibe vuto. Chimene chinandivuta n'chakuti analipereka maso ali m'kapu ya khofi. Komanso a Alois ndi munthu woti akatenga supuni amaibwezera pomwe anaipeza. Chikwatiranire anali asanausiyepo mpando wanga pamalo olakwika.

Mudziwe kaye mmene zinthu zinalili. Ndinali kukonzekera konsati ya ndekha, yoyamba chisiyireni kalekale. Kuno woimba yekha amaimba pamtima, popanda pepala patsogolo, ndipo ine ndili mtsikana ndinaiwala nyimbo pakati pa konsati, holo itadzaza tho. Ndinaimirira n'kutuluka. Kuchokera pamenepo ndinangokhala wophunzitsa ana, Lachinayi lililonse pa sitima kupita ku tauni ya Wiener Neustadt. Amene anandinyengerera kwa zaka kuti ndibwerere pa siteji ndi a Alois. Nyimbo zinasanjidwa monga mwa mwambo: kuyamba ndi magule odekha a nthawi yamakedzana ya baroko, kenako nyimbo yaitali yotchedwa sonata ya kilasiki, anthu akapuma ndiye za romantiki zong'amba mtima zija. Ndinkadziwa bwino kuti popanda iwo kumbuyo kwanga miyendo yanga singandifikitse pa piyano. Ndiye mumvetse mantha amene anandigwira nditayamba kuwakayikira.

2

Pansi pathu pamakhala Mayi Swoboda, nkhalamba ya ng'ala m'maso koma makutu akuthwa ngati lezala. Ndikangopitiriza kuimba nthawi yopuma masana, iwo amagogoda denga lawo ndi mtengo wa tsache. Masana a Lachisanu lomwelo ndinakumana nawo pa masitepe, ndipo ndinali nditakonzeka kale kupepesa pamene anandigwira dzanja.

"Mayi Pribil, dzulo munandiliritsa," anatero. "Kagule kaja kapang'onopang'ono. Miyezi yonseyi mwakhala mukukakhoma ngati misomali, pepani kunena, koma dzulo ndinasiya supu pamoto n'kukhala pansi."

Dzulo lakelo linali Lachinayi. Ine ndinali ku Wiener Neustadt, ndikuwongola zala za ana a eni.

Ndinamwetulira mano okha n'kuyamba kuwafunsa mozungulira. Anati aka sikanali koyamba, ndipo iwo anazindikira kale kuti Lachinayi ndimaimba bwino kuposa masiku ena onse. Anati amamva mapazi a anthu awiri akukwera pang'onopang'ono, kenako mkazi akuseka, ndipo mumtima ankangoti banja la pamwambali labwerera ku chitomero. Atatero anayamba kung'ung'udza kaguleko kuti andisonyeze pamene panawakhudza, ndipo ine ndinatchera khutu.

M'nyimbo za baroko muli tokometsera, pamene zala ziwiri zimanjenjemera pa makiyi awiri oyandikana. Lamulo lake n'lakuti uyambire kiyi ya m'mwamba. Koma ine chiyambire ubwana, pa kagule kameneko, chala changa chimafuna kuyambira pansi n'kuzengereza pang'ono chisanakwere. Sindinkadziwa kumene ndinazitenga. Bambo anga anandimenyera zala ndi pensulo mpaka ndinasiya kutero pamaso pa anthu. Ndinkangochita ndili m'nyumba mwanga, a Alois akumva, ndipo iwo ankati pamenepo ndi pamene amandikondera. Tsopano apa Mayi Swoboda anali kung'ung'udza ndendende momwemo, kuyambira pansi.

Ndiye kuti mkaziyo, kaya anali ndani, sanangokhala pa mpando wanga. Amuna anga anamuphunzitsa ngakhale kulakwitsa kwanga, ndipo iye ankakuimba bwino kuposa mwini wakene. Abale, nsanje ya mkazi ndi yowawa, koma mukaiphatikiza ndi nsanje ya woimba ndiye kuti munthu wapenga.

3

Ndinasanduka wapolisi m'nyumba mwanga momwe. Lachinayi lotsatira nditabwerako ndinapeza makapu awiri otsukidwa, ndi mbale ya keke ya maapozi imene a Alois sadya chifukwa cha shuga. Pa makiyi pankamveka kafungo ka maswiti a chifuwa. Mpando unali utakwezedwa, koma sunafike pake. Munthu anali atayesetsa kubisa mapazi ake, ndipo kuyesetsa kumeneko kunandipweteka kuposa kuiwala kuja.

Ndinayamba kuwerenga m'mutu akazi onse a mapiyano amene a Alois amawatchunira. Maganizo anaima pa Gundula, mnzanga wa kusukulu ya nyimbo, wamasiye, yemwe poimba piyano amatsitsa mpando n'kukhala ngati chule. Ndinamuitana ku khofi kuti ndikamuyang'ane m'maso. Anabwera mkono uli m'chikhakha, atagwa pa madzi oundana mwezi wathawo, ndipo anandidandaulira mpaka khofi kuzizira. Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi, koma mtima sunakhale pansi. Ngati si Gundula ndiye kuti ndi wina amene sindikumudziwa n'komwe.

Lamulungu pa chakudya cha masana ndinalephera kupirira. Ndinaika foloko pansi n'kufunsa kuti amabwera m'nyumba muno Lachinayi ndi ndani. A Alois anafiira mpaka m'makutu. Sanakane, ndipo sanavomere.

"Poldi, tadikira konsati idutse. Ikangodutsa ndikuuza zonse, ndipo udzamvetsa."

"Ndiye kuti zilipo zoti mundiuze?"

"Zilipo. Koma si zimene ukuganizazo."

Kodi alipo mwamuna amene anagwidwapo osanena mawu amenewo? Ndinawafunsa ngati ali mkazi, anati inde. Ndinawafunsa ngati amamukonda, ndipo m'malo mokana anaima kaye n'kuganiza, kenako anati wayamba kuwalowa mumtima. Anati analumbira kuti sanena dzina, ndipo sangaphwanye lumbirolo ngakhale kwa ine. Ndinanyamuka patebulo, ndipo kuyambira tsiku limenelo iwo ankagona pa sofa.

Ku piyano nako zinthu zinayamba kuthawa. Sonata imene ndinkaidziwa ngati dzina langa inayamba kubooka mabowo, ndipo m'nyimbo ya romantiki dzanja lamanzere linkangoima lokha pakati pa njira. Ndinaona kuti ndikutaya mwamuna ndi konsati nthawi imodzi.

4

Lolemba lililonse ndinkapita kwa bambo anga kuti akandimvetsere. Profesa Reitinger anaphunzitsa piyano moyo wawo wonse, ndipo ngakhale wogulitsa nyama pa kona amadziwa kuti ukapanda kunena kuti Profesa sakuyankha. Anandilera okha. Amayi anga, ankatero, anafa pa ngozi ya galimoto ku Italy ndili ndi zaka zinayi, ndipo anaikidwa komweko. M'nyumba munalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi, ndipo ndikafunsa za iwo bambo ankangonyamuka n'kukatsegula windo. Chimene chinatsala cha amayi ndi piyano yokha, yomwe ndinapita nayo ku ukwati.

Lolemba lotsatira mutu wanga sunali pamalo, ndiye pofika pa kagule kaja chala chinangoyambira pansi chokha. Bambo anamenya tebulo ndi chikhatho. Anakalipa kuti anawononga zaka zawo kuchotsa litsiro limeneli m'zala zanga, ndipo ndikadzayerekeza kuchita zimenezi pa konsati iwo adzatuluka anthu akuona. Ndinadabwa kuti kanthu kakang'ono chotero kangakwiyitse munthu mpaka milomo kunjenjemera, koma ndinalibe mphamvu zoganizira zimenezo. Ndinangoyamba kulira, ndipo ndinaulula zonse za mpando, za makapu ndi za mkazi wa Lachinayi.

Pepani, koma ndinaona chimwemwe m'maso mwa bambo anga. Iwo sanawafunepo a Alois. Pa ukwati wathu anauza alendo kuti mwana wawo wakwatiwa ndi bokosi la zitsulo. Anandisisita phewa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Ndinakuuza, mwana wanga. Munthu womanga mawaya sangadziwe mtengo wa chimene wapatsidwa. Lachinayi usapite ku ntchito. Tidzakwera tonse, ine ndidzakhale mboni."

Anawonjezera kuti akudziwa loya wabwino, ndiponso kuti chipinda changa cha kale chidakali momwe ndinachisiyira. Ndinavomera zonse. Panjira ndinamva kukoma koipa kwa munthu amene wapeza womuthandiza kuda mnzake.

5

Lachinayi ndinatsanzika ngati masiku onse, chikwama paphewa, koma ndinangokakhala m'nyumba ya khofi ya pa kona. Bambo anandipeza komweko atavala suti ndi chipewa ngati akupita ku khoti. Tinadikira mpaka nthawi yopuma masana itadutsa, kenako tinalowa.

Piyano tinaimva tidakali pansi penipeni. Mayi Swoboda sananame. Munthuyo sankathamanga, sankadzionetsera, ankangoyala mawu limodzi limodzi ngati akuyala zovala za khanda. Ndinadana naye ndi mtima wanga wonse. Bambo ankakwera patsogolo panga, ndodo ikugogoda mwamphamvu, mpaka nyimbo inafika pa kokometsera kaja. Chala chinayambira pansi, chinazengereza, n'kukwera.

Ndodo inasiya kugogoda. Bambo anagwira chitsulo cha masitepe ndi manja onse awiri, nkhope itayera ngati pepala. Ndinkayesa mtima wawavuta.

"Tiye tibwerere," ananong'ona.

"Tibwerere bwanji? Si inu munati mudzakhala mboni?"

"Ndati tibwerere, Leopoldine. Usalowe m'nyumba imeneyo."

Ndinaganiza kuti akundimvera chisoni. Ndinawadutsa n'kuthamanga masitepe otsalawo. A Alois anamva kiyi pa chitseko ndipo anandichingamira m'khonde, manja ali m'mwamba, akundipempha kuti ndidikire pang'ono, ndisamudzidzimutse munthuyo. Kumva kuti akuteteza iyeyo osati ine, mutu unazungulira. Chikwatiranire ndinali ndisanawatchulepo kuti iwe.

"Choka apa iwe! Bambo anga ankanena zoona. Ndiwe womanga mawaya basi, ndinakutola ndine, ndipo lero ukubweretsa hule lako pa piyano ya amayi anga?"

Manja awo anatsika pang'onopang'ono. Anangopatuka. Ndinakankha chitseko cha chipinda cha piyano.

Pa mpando wanga, wotsitsidwa mpaka pansi, panali gogo wamng'ono thupi, tsitsi loyera mbuu, zala zopindika m'mfundo. Pambali panali ndodo yake ndi kapaketi ka maswiti a chifuwa. Anachotsa manja pa makiyi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Dini," anatero. "Wakula ngati bambo ako, ngakhale mkwiyo womwe."

Palibe munthu amanditchula Dini. Koma dzinalo thupi langa linalidziwa mutu usanalidziwe, ndipo ndinapezeka nditakhala pansi pa kapeti. Kumbuyo kwanga ndinamva ndodo ikulowa pang'onopang'ono, kenako mawu a bambo anga, opanda mphamvu ngati a mwana.

"Ottilie."

Limenelo linali dzina la amayi anga.

6

Ngozi ya ku Italy kunalibe. Amayi anandiuza okha, ndipo sanadzikometsere. Anati anatopa ndi kukhala ndi mwamuna amene ankawakonza kaimbidwe ngakhale patebulo la chakudya, ndiye anathawa ndi woimba vayolini wina. Chisanathe chaka wa vayoliniyo anawasiya ku mzinda wa Trieste. Atabwerera kudzandiona anapeza bambo atandiuza kale kuti anafa, achibale onse atagwirizana nazo, ndipo anauzidwa kuti mwana amene walira maliro akaona mzukwa amapenga. Anachita mantha ndi manyazi, n'kupita. Moyo wawo wonse anaimba m'mahotela a m'mapiri, anthu akudya osamvetsera.

"Usandiyese woyera mtima," anatero. "Ndinakusiya ndine. Koma kufa sindinafe."

Za kokometsera kaja anati ndi kawo. Ndili khanda ankandigoneka pansi pa piyano yomweyi iwo akuimba, ndipo pamenepo ankazengereza dala chifukwa ine ndinkaseka. Bambo anachotsa zithunzi zonse m'nyumba, koma chimenecho chinawakanika, ndiye ankachisaka ndi pensulo m'zala zanga.

A Alois anawapeza kunyumba ina yosungirako okalamba kumene anapita kukatchuna piyano. Akulongedza zitsulo anamva gogo wina akuyesa makiyi, ndipo atafika pa kagule kaja tsitsi linawaima. Anawafunsa mafunso mpaka gogoyo anatchula chipsera cha kandulo chimene chili kumanzere kwa piyano yanga. Amayi anawalumbiritsa kuti asandiuze konsati isanadutse, poopa kuti ndingagwenso pa siteji chifukwa cha iwo. Chimene anapempha n'chakuti agwireko piyano yawo kamodzi kokha. Kamodziko kanasanduka Lachinayi lililonse.

Ndinatembenukira kwa bambo kuti akane. Iwo anangowongola chipewa n'kunena kuti kwa iwo mkazi ameneyu anafadi, ndipo akanati abwerere m'mbuyo akanachitanso chimodzimodzi. Anatsika masitepe okha.

A Alois anawaveka amayi jasi, n'kutenga chikwama chawo cha zitsulo. Anawaperekeza kwawo, koma a Aloiswo sanabwerere kunyumba. Anakakhala kwa mchimwene wawo ku dera la Ottakring. Ndinaimba foni kangapo, ndipo atayankha ndinapepesa mpaka mawu kutha. Ndinawakumbutsanso, chifukwa pakamwa panga sipamva, kuti nawonso anandibisira mayi wanga wondibala. Anavomera kuti pamenepo analakwa.

"Koma mawu aja sunawapeke tsiku lomwelo, Poldi. Unali nawo. Unangodikira tsiku lowatulutsira."

Ndinafunsa za konsati. Anati mu Vienna muli otchuna mapiyano ambiri, holoyo ipeza wina. Apo m'pamene ndinadziwa kuti pepani sapoletsa chilonda.

7

Ndinafuna kuilephereza konsatiyo. Amene anandiletsa ndi amayi, omwe ndinayamba kukawaona, tonse tikuchita manyazi ngati anthu okumana pa sitima. Anati iwo anathawa kamodzi ndipo taona pamene zinawafikitsa.

Tsikulo masana ndinapita kukayesa piyano ya m'holo. Inali itatchunidwa bwino ndi munthu amene sindinamuone, koma mpando wake unali tsoka lenileni. Sunkakwera kufika msinkhu wanga, ndipo ndikatsamira kumanja unkalira. Woyang'anira holo anangokweza mapewa n'kuti ndi womwewo. Ndinakadzitsekera m'kachipinda kovalira, ndikudziwa kuti zakale zija zibwereza. Palibe amene anagogoda kudzandifikisa manja monga ankachitira a Alois.

Nthawi itakwana ndinatuluka. Bambo anali pa mzere woyamba, manja onse pa ndodo, atabwera kudzaona ngati ndimvera. Amayi sindinawaone, koma ndinamva kachifuwa kawo kumbuyo kwenikweni. Ndinawerama, n'kutembenukira ku piyano.

Mpando wa holo uja panalibe. Panali mpando wanga wa kunyumba, wa chikopa chothetheka pakona. Kupatula ine, munthu mmodzi yekha ndiye anali ndi kiyi ya nyumba yathu. Nditakhala, msana wanga unandiuza kuti uli pake penipeni, osafuna kukhudza chopotokola ngakhale pang'ono. Ndinayang'ana kuseri kwa katani, ndipo ndinangoona nsonga ya nsapato ndi chikwama cha zitsulo.

Magule a baroko amaimbidwa chigawo chilichonse kawiri. Pa kagule kodekha kaja, ulendo woyamba ndinayambira m'mwamba, mwa lamulo, ndipo ndinaona chipewa cha bambo pa bondo chikugwedera movomereza. Pobwereza ndinalola chala chichite zimene chakhala chikufuna moyo wonse. Chinayambira pansi, chinazengereza, n'kukwera. Ndinamva mpando wa kutsogolo ukugubuduka, kenako ndodo ikugogoda kulowera ku chitseko, anthu akutembenuka. Ndinadikira kuti mutu uchite mdima ngati kale. Sunatero. Ndinamaliza magule, ndinadutsa sonata yonse, ndipo manja anga anali adakali anga.

Pa nthawi yopuma wotchuna amalowa kukakonza mawaya amene asuntha. Ndinawapeza a Alois kuseri akutulutsa chitsulo chawo.

"Mpando uja mwaunyamula bwanji?"

"Pa tiramu, sitima ya m'misewu ija. Anthu amandiyang'ana ngati ndaba."

"Alois, bwererani kunyumba."

"Kamalize kaye za romantiki," anatero osandiyang'ana. "Ndipo dzanja lamanzere usalithamangitse, palibe akukupirikitsa."

Ndinamaliza. Anthu anaomba m'manja mpaka ndinabwereranso kukawonjezera kanyimbo kena. Amayi atabwera kuseri sanandikumbatire, anangondigwira zala n'kunena kuti sonata ndinaithamangitsa pothera.

A Alois anabwerera patapita masabata angapo, koma musaganize kuti zonse zinafafanizika. Tsiku lina mlendo atawafunsa ntchito yawo, anayankha akumwetulira kuti iwo ndi womanga mawaya basi, ndipo ine ndinathawira kukhitchini. Bambo anga chitulukireni m'holo muja sanandilankhulenso. Ndimawaimbira Lolemba lililonse, foni imalira mpaka kudula yokha, ndipo ndimawasowa ngakhale anandinamiza moyo wonse.

Inu amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti musamakayikire. Mpando unatsikadi, makapu analidi awiri, ndipo m'nyumba mwanga munkalowadi mkazi. Zonse ndinaona bwino, ndinangolakwitsa dzina. Koma mukadzakwiya, sungani mawu amodzi aja amene mukudziwa kuti ndi omwe angamupweteke mnzanu kwambiri, chifukwa choonadi chikadzatuluka china chilichonse chimabwerera pamalo pake kupatula mawuwo. Ndipo ngati muli ndi kachizolowezi kamene simudziwa kumene munakatenga, musafulumire kukachita manyazi. Mwina ndi munthu amene akukusakani.

Masiku ano Lachinayi sindipitanso ku Wiener Neustadt. A Alois amakawatenga amayi, ine ndimagula keke ya maapozi, ndipo Mayi Swoboda akupitirizabe kuuza anthu pa masitepe kuti ndimaimba bwino tsiku limodzi lokha pa sabata. Sindinawatsutse. Lachisanu m'mawa mpando ndimaupeza uli pansi, ndipo ndimaukweza ndekha.